Galu Amene Ndinamulera ndi Tsabola

Ndinapundula galu wanga ndi manja angawa, ndipo ndinachita zimenezi ndili ndi nzeru zanga zonse, osaledzera, osalodzedwa. Ndikulemba kuti inu owerenga amene muli ndi kamwana ka galu pakhomo mumve zimene zinandichitikira musanakathirire tsabola m'mbale. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti munthu wamkulu, bambo wa ana anayi, angakhale pansi n'kumalemba za galu? Sekani. Inenso ndinkaseka choncho.

Ndine mlimi wa fodya ndi mtedza kuno kumbali ya Kabudula, koma mudzi uno si wathu. Ndinabwera kudzakwatira, ndiye ndili pachikamwini. Amene munakhalapo pachikamwini mukudziwa kuti munthu umalima mpaka msana kuuma koma pakamwa pako pamakhala potseka. Munda ndi wa akazi ako, dimba ndi la akazi ako, ngakhale mthunzi wa mango umene umapumirapo masana ndi wa eni mudzi. Ndipo mwini mbumba ndi mlamu wako. Wanga ndi a Lekisoni, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga Nabanda. Iwo mkazi anachita kumutenga chitengwa, ndiye sanachokepo pamudzi. Nyumba yawo ili kumunsi kwa yathu, ndipo njira yopita kudimba imadutsa pakhomo pawo penipeni.

Chimene chinatidanitsa ndi mbuzi. Kuno anthu akamaliza kukolola, ziweto amazimasula kuti ziziyenda zokha, ndipo amene ali ndi dimba ndiye amayenera kumanga mpanda wolimba. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino. Koma mpanda wanga unali wa mapesi, ndipo mbuzi za a Lekisoni zinkauboola ngati zikulowa m'khola mwawo. Chaka china zinadya mpiru wonse, chaka chotsatira zinathyola tomato ali ndi maluwa. Nditapita kukadandaula, alamu anga sanadzuke n'komwe pampando. Anangoti, "Alamu, mangani mpanda wa minga. Mbuzi sizidziwa kuti dimba ndi la ndani." Ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anandibaya kwambiri. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira. Mkamwini sakweza mawu kwa mwini mbumba, choncho ndinaganiza zopeza galu woti azindiyankhulira.

Mwezi wa Meyi galu wa bambo wina wa mudzi woyandikana nafe anaswa ana asanu. Ndinapita msanga kuopa kuti ena angandilande wamkulu, ndipo ndinatenga kamphongo kofiirira, kakuda kukamwa, kali ndi masabata atatu okha. Mwini wake anandiuza kuti ndidikire kaye kayamwe mpaka miyezi iwiri. Ndinakana. Ndinakaika m'thumba la feteleza n'kukapachika panjinga, kakulira njira yonse. Kumeneko kunali kulakwa kwanga koyamba. Kagalu ndinakapatsa dzina loti Mwanyanya, ndipo musafunse kuti ndinkanena ndani. Kuno dzina la galu ndi kalata yopita kwa munthu amene sungathe kumutukwana pamaso. Alamu anga akamadutsa ndinkaitana galu wanga mokweza, ngakhale atagona pamapazi panga pomwepo.

Patapita mwezi ndi masabata angapo, a Lekisoni nawonso anakatenga kamodzi mwa tiagalu tomwe tija, kakakazi, kamene kanali kakang'ono kuposa tonse. Anakatcha Bwino. Ine ndinaona ngati akundiyesa dala.

Tsono alamu angawa anagwirapo ntchito ya ulonda pa famu ina kumbali ya Chitedze, ndipo kumeneko ankasamalanso agalu a mwini famu. Za agalu amazidziwa, ichi sindingawamane ngakhale sindiwakonda. Kagalu kawo ankakapatsa chakudya kanayi pa tsiku. M'mawa phala la mgaiwa losakaniza ndi ufa wa soya wokazinga, masana nsima yofewa yothira usipa wosinja, nthawi zina dzira lophika, ndi timasamba ta nkhwani todula bwino. Madzi ankakaikira m'chibekete choyera chimene ankachitsuka tsiku ndi tsiku. Ine nditaona zimenezi ndinaseka mpaka misozi. Ndinayenda mudzi wonse kuuza anthu kuti alamu anga apenga, akudyetsa galu dzira pamene ana a anthu akudya nsima ndi therere.

Tsiku lina anaima pabwalo panga, n'kuyang'ana Mwanyanya akunyambita mbale yopanda kanthu. Anati, "Alamu, kagaluka kanachoka msanga kubere. Muzikapatsa phala lofewa pafupipafupi, muzithiramo tiusipa. Mafupa ake akukula panopa, mukachedwa simudzawawongolanso." Mawu ake anali abwino, koma anatuluka m'kamwa mwa munthu amene ndinkadana naye. Ndinawayankha kuti ine ndikuweta galu, osati mwana wa bwana. Anangogwedeza mutu n'kumapita.

Malangizo amene ndinawamvera anali a munthu wina dzina lake a Kamphinda, wokonza njinga pa tiledingi, amene tinkasewera naye bawo. Munthu ameneyu mpaka lero ndikamuona mtima umandiwawa, chifukwa amayankhula chilichonse ngati anachiphunzira kusukulu, chonsecho galu sanawetepo n'kamodzi komwe. Iye anandiuza kuti galu wokhuta ndi waulesi, amagwedezera mchira wakuba. Kuti galu aluse, anatero, uyenera kumusunga ndi njala kuyambira ali wamng'ono, kumumanga pamalo amdima kuti asazolowere anthu, kumuthirira tsabola wa kambuzi m'chakudya, ndiponso kamodzikamodzi kumusinjira mavu kuti ukali wa mavuwo ulowe m'magazi. Inu owerenga, musanamizire kudabwa. Zimenezi munazimvapo, ndipo ena mwa inu munazichitapo.

Ndinachita zonse monga anandiuzira, osasiyako n'chimodzi chomwe. Ndinamanga Mwanyanya ndi chingwe chachifupi mkati mwa chigafa cha fodya, chimene nthawi imeneyo chinali chopanda kanthu. Chakudya chake chinali gaga woviika m'madzi ozizira, kamodzi pa tsiku, dzuwa likapendeka. M'gagamo ndinkasinjiramo tsabola atatu kapena anayi. Mavu ndinkachita kukawafukiza ndi utsi pansi pa denga la nkhokwe, mpaka tsiku lina anandiluma pachikope diso n'kutupa, koma sindinasiye. Kagalu kankanunkhiza chakudyacho n'kubwerera m'mbuyo, kenako njala ikakakulira kankadya kakulira, kakupukusa kukamwa pansi. Ine ndinkaima poteropo n'kumasangalala kuti ukali wayamba kulowa. Madzi ndinkakapatsa ndikakumbukira.

Nabanda sanagwirizane nazo. Mkazi wanga si wolongolola, ndipo pa nkhani za pakati pa ine ndi mlongo wake ankayesetsa kukhala chete. Koma tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinamupeza atagwada m'chigafa, akupatsa kagalu phala la ana lotsala m'mawa, atathiramo mitu ya usipa. Ndinamenya mbaleyo ndi phazi, phala n'kumwazikira m'dothi. Ndinamunena kuti watumidwa ndi mlongo wake kuti afewetse galu wanga. Iye anatola mbale ija. Anati, "Bambo, mukadana ndi achimwene, kadaneni nawo iwowo. Kanyamaka kakulakwirani chiyani?" Kuyambira tsiku limenelo chigafa ndinkachitseka ndi waya.

Pofika mwezi wa Ogasiti zizindikiro zonse zinali poyera, kungoti ine ndinali nditatseka maso dala. Mimba ya Mwanyanya inatupa ngati chipanda pamene nthiti zinkawerengeka. Ubweya unayamba kusosoka m'khosi ndi kumchira. Ankatsegula m'mimba pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina ndi timagazi. Koma chachikulu chinali miyendo yakutsogolo. Inayamba kupindika, mfundo zake n'kutupa, moti akaima ankaoneka ngati wamatewe. Nditawauza a Kamphinda, anati ndi mmene amakhalira agalu amphamvu, chifuwa chikamakula miyendo imatangadza. Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira.

Nditayamba kumumasula masana kuti azolowere bwalo, chinthu choyamba chimene anachita ndi kulowa m'chisa cha nkhuku n'kumwa mazira onse asanu ndi awiri. Mawa lake anagwira mwanapiye. Lero ndikudziwa kuti thupi lake linkafuna zimene ndinkamumana, koma tsiku limenelo ndinangoona wakuba. Ndinachita zimene ambiri amachita kuno. Ndinawiritsa dzira, n'kulitulutsa m'madzi lili lotentha, n'kumukanikiza nalo m'kamwa, nditamugwira mlomo kuti asalavule. Kulira kumene analira galu ameneyo sindikufuna kukufotokoza. Ana anga anathawira kuseri kwa nyumba. Mwanyanya anatha masiku atatu osadya, ndipo kuchokera pamenepo akamva mapazi anga ankakwawira pakona ya chigafa n'kumanjenjemera.

Manyazi anga anafika mwezi wa Seputembala, pamene alangizi a ziweto analengeza kuti aliyense abweretse agalu ku katemera wa chiwewe. Tinasonkhana pabwalo la mpira m'mawa, anthu ambirimbiri ndi agalu awo. Mwatsoka ndinapezeka pamzere kumbuyo kwenikweni kwa a Lekisoni. Bwino, kaja kanali kakang'ono kuposa tonse, anali atasanduka galu wosalala, wamiyendo yowongoka, maso owala, akukoka chingwe mwamphamvu. Wanga ndinachita kumunyamula theka la ulendo chifukwa ankangogwa. Anthu sanakhulupirire kuti agalu awiriwa anabadwa tsiku limodzi kwa mayi mmodzi.

Mlangiziyo anali mayi wachitsikana, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Anamugwira Mwanyanya miyendo, n'kumutsegula kukamwa, n'kuona chipsera cha dzira chija. Anandifunsa chimene ndimamudyetsa. Ndinayamba kuzungulira, koma munthu wina kumbuyo anafuula kuti gaga ndi tsabola, anthu n'kuseka. Mayiyo sanaseke. Anandiuza pamaso pa gulu lonse kuti galuyo ali ndi njoka za m'mimba, magazi ndi ochepa, ndipo mafupa ake ndi ofewa chifukwa gaga yekha sangamange fupa la nyama imene ikukula. Anati tsabola amangowotcha matumbo, sapereka ukali uliwonse, ndipo galu wanjala amasanduka wamantha ndi wakuba, osati mlonda. Anandipatsa mankhwala a njoka, n'kundiuza kuti ndiyambe tsiku lomwelo kumupatsa phala la soya, usipa ndi dzira, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndimutulutse padzuwa, ndipo ndisamuthamangitse mpaka miyendo italimba. Anabwereza kawiri kuti asathamange.

Inu owerenga, apa m'pamene munthu wanzeru akanabwerera. Galu wanga akanachira, mwina akanangotsala ndi matewe pang'ono. Koma ine m'makutu mwanga munangotsala kuseka kwa anthu kuja, ndi nkhope ya alamu anga amene anayang'ana kumbali ngati akundimvera chisoni. Chisoni chawocho chinandipweteka kuposa kuseka. Ndinafika kunyumba ndikunena kuti a Lekisoni anamuchita chipongwe galu wanga, anamuponda ndi mankhwala kuti wawo aoneke bwino. Mankhwala a njoka aja ndinawaponya padenga. Ndinalumbira kuti mudzi wonse uona kuti Mwanyanya ndi galu.

Mpata unapezeka patangotha sabata ziwiri. Kunali kotentha, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndipo nditafika kudimba ndinapeza mbuzi zinayi za alamu anga zili mkati, zikudya chimanga changa chachiwisi chimene chinali chitangoyamba kumasula. Sindinazithamangitse. Ndinabwerera kunyumba mothamanga, ndinamasula Mwanyanya, ndinamunyamula m'manja mpaka kudimba, n'kumuponya mkati mwa mpanda ndikukuwa kuti gwira. Galuyo anaima akunjenjemera, akundiyang'ana ine m'malo moyang'ana mbuzi. Ndinatola dongo louma n'kumugenda nalo. Chifukwa choopa ine, osati chifukwa cha ukali, anathamangira kumene kunali mbuzi kuja. Tonde wamkulu anangotembenuka n'kumugunda kamodzi kokha. Mwanyanya anagwera mu ngalande yothirira, ndipo ndinamva kuthyoka ngati kwa phesi louma.

Mwendo wakumanja wakutsogolo unali utathyoka, ukulendewera. Galu wabwinobwino akanadzuka n'kudzikung'untha, chifukwa kugundako sikunali kwakukulu. Koma mafupa amene ndinawamanga ndi gaga ndi tsabola sakanapirira. Nditatambasula dzanja kuti ndimutulutse, anandiluma pachala, kenako anadzikoka ndi miyendo itatu, n'kutulukira pa bowo lomwe mbuzi zinalowera. Ndinamutsatira. Sanalowere njira ya kwathu. Anakwawa mpaka pakhomo pa a Lekisoni, n'kukagona pafupi ndi chibekete cha madzi cha Bwino, n'kuyamba kumwa ngati sanaonepo madzi chibadwire.

Alamu anga anatuluka, anaona galu, anaona ine chala chikuchucha magazi. Ndinayembekezera kuti andinyoza, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Koma anangoti, "Alamu, galuyu musamukhudzenso. Pitani kuchipatala akakuoneni chalacho." Ndinati galuyo ndi wanga, ndimutenga. Apo m'pamene anakweza mawu koyamba chikhalire changa pamudzi uno. Anati, "Mutengeni, ngati angalole." Ndinayandikira. Mwanyanya, ndi ululu wonsewo, anakweza mlomo n'kundionetsa mano. Akazi a m'mudzi anali atasonkhana kale, ndipo pakati pawo panali Nabanda. Ndinabwerera chimanjamanja.

A Lekisoni anaitana mlangizi uja, anamanga mwendowo ndi timitengo ta nsungwi, ndipo kwa miyezi iwiri ankamudyetsa galuyo ngati khanda. Phala la soya, usipa wosinja wopanda mchere, dzira lophika, kanayi pa tsiku, monga anandilangizira ine pabwalo panga paja. Mwanyanya anachira, n'kukhazikika pakhomo pawo pomwepo. Ubweya unamera, mimba inaphwa, thupi linadzaza. Koma mwendo uja unalumikizana mokhota, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina, phewa limodzi lili pansi. Sadzathamangitsanso kanthu moyo wake wonse.

Musaganize kuti ine ndi alamu anga tinagwirizana. Timapatsana moni wa pakamwa basi. Mbuzi zawo ndimadana nazobe, ndipo mpanda wa minga ndinamanga ndikutukwana chamumtima. A Kamphinda ndinasiya kusewera nawo bawo, ndipo nditawauza zimene zinachitika anati ndinachulutsa tsabola, ndikanamathira awiri. Anthu otere alipo mudzi uliwonse, ndipo akupha agalu ambiri ndi pakamwa pawo. Koma sindingawasenzetse mlandu wonse. Iwo anangoyankhula, amene ankasinja tsabola ndi ine.

Tsono ndikuuzeni, inu amene mwatenga kagalu kapena mukufuna kukatenga. Kasiyeni kayamwe kwa mayi wake mpaka miyezi iwiri, musachite phuma ngati ine. Mukabwera nako, musakapatse gaga yekha kapena makoko a nsima n'kumati mwadyetsa galu. Kamwana ka galu kali ngati mwana wa munthu, mimba ndi yaing'ono koma thupi likumanga mafupa, ndiye kamafuna kudya pang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku. Simukusowa chakudya cha m'mapaketi cha m'tauni. Soya mumalima nokha, mukazingeni n'kugayitsa pamodzi ndi chimanga. Usipa kapena bonya wodzaza dzanja limodzi, ngakhale mitu imene mumataya ija, musinje n'kuthira m'phala. Dzira limodzi lophika pa masiku angapo silingakusaukitseni. Madzi oyera azikhalapo nthawi zonse. Tsabola, anyezi, mchere wambiri ndi mafupa a nkhuku ophika musayerekeze. Mukaona mimba yatupa kapena miyendo yayamba kupindika, pitani kwa alangizi a ziweto, osati kwa anzanu a pabawo. Ndipo ngati muli ndi munthu amene mukudana naye, pitani mukayankhule naye nokha, musatume nyama yosalakwa. Galu amalondera khomo limene amadyapo bwino, ndipo palibe chinanso chimene mungamuthirire m'mbale.

Galu wolusa amene ndinkamufuna uja ndinamupezadi, kungoti amalusira munthu mmodzi. Ana amasewera naye, alendo amawagwedezera mchira, mbuzi zimadya pambali pake iye ali gone. Koma ine ndikangotulukira pa njira ya kudimba, amadzuka ndi miyendo yake itatu ndi theka, ubweya wa pamsana n'kuimirira. Pano kudimba ndimazungulira njira ya kuchitsime, yotalika kawiri, ndipo mudzi wonse ukudziwa chifukwa chake.

Mwezi wathawu ndinayesa. Ndinadikira tsiku limene alamu anga anapita ku msika wa Nsaru, ndinaphika ndekha phala la soya, ndinathiramo usipa ndi dzira, n'kulisiya kuti lizizire bwino. Ndinapempha Nabanda kuti andiperekeze pakhomo pa mlongo wake. Titafika ndinaika mbaleyo pansi n'kubwerera m'mbuyo, ndipo ndinaitana Mwanyanya motsitsa mawu, kwa nthawi yoyamba ndikuitana iyeyo osati kutukwana munthu. Anabwera motsimphina, ananunkhiza mbale, ananunkhiza pamene ndinagwira, n'kubwerera kukagona kukhonde akundiyang'anitsitsa. Tinadikira nthawi yaitali. Kenako Nabanda anawerama, ananyamula mbale yomweyo n'kukaiika pafupi naye. Mwanyanya anadya lonse mpaka kunyambita mbale.